Usiku wachinayi tulo tosabwera

Lachinayi, pa Ngabu, mvula isanagwe.

Tambala woyamba analira ine ndikuyang'anabe malata, thukuta likuyenderera kumsana, pilo atanyowa ngati wagwera m'ndowa. Uwu ndi usiku wachinayi. Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, fani n'kuima, m'nyumba n'kusanduka uvuni. Inu a kumtunda mwina simungamvetse. Kuno kuchigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala, masana kutentha kumadutsa madigiri 40, njerwa za khoma zimamwa moto wonsewo, ndipo dzuwa likalowa zimayamba kuulavulira pa iwe amene wagona m'katimo.

Cha m'ma 1 koloko ndinakokera matiresi pakhonde. Kamphepo kanalipo ndithu, koma udzudzu unali utafikapo kale, ndipo neti ndinaisiya m'kati poopa kupapasa zingwe mumdima. Ndinabwerera m'nyumba. Ndinatenga foni, WhatsApp, Facebook, WhatsApp kachiwiri, mpaka batire inatsala pang'ono kufa. Nditaiika pansi mutu unayamba masamu ake: fizi ya mwana, ngongole ya kubanki m'khonde yomwe ikufunika Loweruka, lendi ya shopu. Masamu a usiku satha. Ukafika pamapeto amayambiranso poyamba.

Kutacha ndinapeza amayi atasesa kale bwalo lonse, akuimba nyimbo yakwaya chapansipansi.

"Amayi, mwagona ndi kutentha kumeneku?"

"Ndagona ine, mwananga. Kodi kutenthaku kwayamba dzulo?"

Mawu amenewo anandilasa. Masiku anayi onsewa ndakhala ndikuuza aliyense kuti chikundimana tulo ndi kutentha. Koma amayi anabadwira ku Makhanga, m'boma la Nsanje, anakulira m'ng'anjo yomweyi, ndipo ikamakwana 8 koloko amakhala atayala mphasa, atanyowetsa chitenje n'kuchifinya, n'kuchifunda m'miyendo. Posakhalitsa umangomva mkonono. Amadzuka kusanache tsiku lililonse, kaya ndi Lamulungu kaya ndi Khirisimasi.

Kushopu zinthu sizinayende. Ndimagwira ntchito yotumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni, ntchito yofuna maso akuthwa. Bambo wina wogula ng'ombe anabwera kudzatapa, ine n'kumuwerengera ndalama zopitirira ndi K10,000. Mwamwayi anali munthu woopa Mulungu, anandibwezera akuseka: "Mayi, lero mukugawa?" Ndinasekanso, koma m'mimba munazizira.

Cha kumasana kunabwera mnzanga wina yemwe ndi namwino, timapemphera limodzi. Anangondiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati ndikudwala. Ndinamufotokozera, ndipo ndinamaliza ndi pempho lomwe ndinalikonza kuyambira m'mawa, loti andipezereko Piriton kapena timapiritsi tina togonetsa.

Sanayankhe. Analoza botolo la chakumwa chopatsa mphamvu lomwe linali pa kauntala.

"Asisi, ichi mumamwa nthawi yanji?"

Ndinamuuza kuti cha m'ma 2 koloko, tulo tikayamba kundikoka pampando. Nanga tiyi? Tiyi m'mawa, tiyi 10 koloko, ndi tiyi wina ndikaweruka cha m'ma 5, wamasamba ambiri, chifukwa ndimakonda wakuda bii. Anagwira pakamwa. Anati tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zopatsa mphamvuzi zonse zili ndi kafeini, ndipo kafeini sachoka msanga m'thupi. Pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi. Ndiye kuti kapu yanga ya 5 koloko ija, pofika 10 koloko usiku imakhala ikugwirabe ntchito yake, pamwamba pa botolo la masana lija. Ine ndimamwa zimenezi chifukwa sindinagone, kenaka sindigona chifukwa ndamwa. Galu wothamangitsa mchira wake.

Za kutentha sanatsutse. Anati thupi limafunika lizizireko pang'ono kuti tulo tigwire, n'chifukwa chake usiku wotentha munthu amangotembenuka. Kusamba usanagone, kutsegula mawindo dzuwa likalowa, chitenje chonyowa cha amayi chija, zonsezo n'zothandiza. Koma pakhonde popanda neti ayi, chifukwa kusinthanitsa kusowa tulo ndi malungo ndi malonda oluza. Za foni anandidzudzula ngati mwana. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana, ndipo kuwala kumaichedwetsa. Kuwonjezera apo, zimene ukuwerenga pafonipo, maliro, mikangano ya m'magulu, mitengo ya chimanga, sizilola mtima kukhala pansi.

Tili mkati mokamba, mkulu wina wa kabaza yemwe amapumira pamthunzi wa shopu yanga analowerera. "Mayi, musavutike. Kabotolo kamodzi ka kachasu, mugona ngati mwala." Tonse tinaseka, koma namwinoyo anamubweza mwaulemu. Anati zoona, mowa umagwetsa munthu msanga, koma ukayamba kutha m'thupi pakati pa usiku tulo timaduka, munthu amadzukadzuka, kukodza, ludzu, m'mawa n'kukhala wotopa ngati walima. Mkuluyo anangoti, "Apo ndiye mwanena zoona, 3 koloko ndimakhala maso," n'kukwera njinga yake.

Mapiritsi aja namwinoyo anakana kundipatsa. Piriton ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, kugonetsako n'kongopitira, ndipo thupi limazolowera m'masiku ochepa, chotsala n'kudzuka mutu uli zii. Ogonetsa enieni monga diazepam amaperekedwa ndi dokotala kwa nthawi yochepa, chifukwa munthu amatha kufika posagona popanda iwo.

Chimene chinandidabwitsa ndi ichi: anati ndikaona kuti papita mphindi ngati 20 tulo tosabwera, ndidzuke. Ndisakakamire pabedi kumenyana ndi pilo. Ndikakhale pampando pamdima kapena pakuwala kochepa, osagwira foni, osayang'ana nthawi, mpaka zikope zilemere, ndiye ndibwerere. Ukamagona maso tsiku ndi tsiku pamalo amodzi ukudandaula, mutu umaphunzira kuti bedi ndi bwalo la milandu. Ndipo m'mawa ndizidzuka nthawi imodzimodzi ngakhale nditagona maola awiri okha. Apa ndinadandaula. Ndinaululanso kuti masana makasitomala akachepa ndimatseka chitseko n'kugona kuseri kwa kauntala, nthawi zina maola awiri. Anati ngati sindingathe kupirira, mphindi 20 kapena 30 zikwane, ndipo kusakhale kumadzulo. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 usiku, koma ukawadya masana, usiku sudzawapeza.

Asanapite anandifunsa mafunso achipatala, mwachangu, kwinaku akuwerenga ndalama zake. Thupi likutentha kapena kuphwanya? Ukayezetse malungo. Ukudzuka kangati kukakodza, ndipo ludzu ndi lotani? Shuga amayamba choncho kwa ena. Chilungulira ukadya nsima yambiri mochedwa? Kuliza mkonono mpaka kubanika? Mankhwala amene ukumwa? Anati ngakhale ma ARV okhala ndi dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena, ndipo wotero asasiye kumwa, akauze achipatala, nthawi zambiri amangomusinthira kuti azimwa m'mawa. Ine zonsezi ndilibe. Anati zikapitirira, usiku utatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena mtima ukayamba kulemera osafuna chilichonse, ndipite ndikaonane ndi dokotala.

Za ngongole sanandipatse mankhwala, alibe. Anangoti ndizilemba pakope dzuwa lisanalowe, zoti ndilipire ndi pomwe ndingazipeze, kuti usiku mutu ukayamba ndiziuuza kuti nkhaniyo ili m'kope. Ndalemba. Ndalamazo sizinachuluke, koma papepala zikuoneka zazing'ono kusiyana ndi mmene zimaonekera 2 koloko usiku.

Botolo lija ndinapatsa mnyamata wogulitsa mandasi. Masana ndinalimbana ndi tulo posesa shopu kawiri. Tiyi wa 5 koloko sindinamwe, ndipo mutu ukundiwawa chapamphumi, zomwe anandichenjeza kuti zichitika masiku oyamba. Nsima tadya kusanade, ya mapira ndi mlamba wouma.

Pamene ndikulemba izi mitambo yadetsa kumapiri a Thyolo ndipo kukung'anima patali. Ndaona amayi akutulutsa jumbo yawo ya pulasitiki, momwe muli chiphaso cha unzika, buku lakuchipatala ndi Baibulo, n'kuiika kumutu kwa mphasa. Chichokereni kwawo pamene namondwe Freddy anadzaza madzi m'mudzi mu Malichi 2023, amatero nthawi zonse kukagunda. Munthu amene kutentha sikumutha, bingu limodzi lokha limamukhazika tsonga mpaka kucha, khutu lili panja, kumvetsera ngati madzi akubwera. Ndawauza kuti kuno tili patali ndi Shire. Ayankha kuti akudziwa.

Ndamanga maneti awiri pakhonde kukadali kowala, wanga pafupi ndi wawo. Madzi osamba ali m'ndowa. Foniyi ndikatumiza izi ndikaitsekera m'kabati ya mbale, ndipo kiyi ndipatsa amayi.