Laibulale ya M'dera ndi Mwana Amene Kalasi Ilibe Nthawi Yomudikira

Malamulo a dziko lino onena za maphunziro a ana aulumali ndi abwino ndithu. Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo lowateteza mu 2012, ndipo Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya zaka za 2017 mpaka 2021 yofuna kuti ana onse aziphunzirira limodzi. Koma aliyense amene anasuzumirapo m'kalasi ya Sitandade 2 ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Mtandire akudziwa kuti mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ana oposa 100 sangadikire mwana amene akufunika nthawi yaitali kuti akopere chiganizo chimodzi pa bolodi. Mwanayo dzina lake lili m'kaundula, amayankha akamaitanidwa m'mawa, koma belu loweruka likamalira amakhala asanatolepo kanthu.

Sukulu zapadera zilipo, monga ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje za ana osaona, komanso ya Mua ku Dedza ndi ya Embangweni ku Mzimba za ana osamva, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi imaphunzitsa aphunzitsi a ana oterewa. Komabe malo ake ndi ochepa, ndipo mayi amene amadalira geni ya tomato sangakwanitse ulendo wa temu iliyonse pamodzi ndi sopo, bulangete ndi zina zofunika kwa mwana wogonera kusukulu. Ana ambiri aulumali a m'makomboni athu amapita kusukulu yapafupi, apo ayi amangokhala pakhomo. Apa ndi pamene ndikuona kuti laibulale ya m'dera ili ndi ntchito yaikulu kuposa imene timaiganizira.

Sindikunena za nthambi zikuluzikulu za National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, pakuti zimenezo zili pakati pa tauni, kumene munthu sangafike popanda ndalama ya minibasi. Ndikunena za tizipinda tija timene timapezeka kuseri kwa tchalitchi kapena pa ofesi ya bungwe la achinyamata, tokhala ndi mashelefu ochepa, mabenchi ndi wachinyamata mmodzi wongodzipereka. Chuma cha malo oterewa si mabuku ake, amene kawirikawiri amakhala akale ndi ochokera kunja, koma nthawi. Kulibe belu, kulibe silabasi yothamangira, ndipo mwana akhoza kukhala pa tsamba limodzi masana onse popanda womuseka.

Mu laibulale ina ya m'dera lathu mumabwera mtsikana wachialubino wa Sitandade 4, amene powerenga amayandikizitsa buku kumaso mpaka mphuno kukhudza pepala. Kusukulu ankamuyesa waulesi chifukwa makope ake anali osalembamo. Woyang'anira laibulaleyo anangochita zinthu ziwiri. Anasuntha tebulo kulichotsa pawindo, pakuti kuwala kwa dzuwa kumamuthobwa m'maso, kenaka anayamba kubwereka makope a anzake a m'kalasi ndi kumukoperanso notsi ndi cholembera chakuda kwambiri, m'zilembo zazikulu, kuseri kwa makalendala akale. Palibe mlendo wochokera kunja amene anabweretsa nzeru imeneyi, ndipo sinadye ndalama yoposa mtengo wa cholemberacho.

Chitsanzochi ndachikonda chifukwa tikamva za mwana wovutika kuona, maganizo athu amathamangira ku zilembo za Braille, zimene osaona amawerenga pozikhudza ndi zala, ndipo tikamva mtengo wa makina ndi mapepala ake timagwa ulesi n'kunena kuti tidikire thandizo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo vuto la kuona ndilo linali lochuluka kuposa ena onse. Anapezanso anthu achialubino okwana 134,636. Ambiri mwa anthu amenewa amaona ndithu, kungoti amafuna zilembo zazikulu, galasi lokuzira zilembo ndi malo okhala oyenera. Braille ndi wofunika kwa mwana wosaoneratu, koma kumudikira kusatilepheretse kuthandiza ana ena onsewa lero.

Ngakhale kwa mwana wosaoneratu, mpata ulipo. Malawi analowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, limene limalola mabungwe ovomerezeka kusandutsa mabuku kukhala a Braille, a zilembo zazikulu kapena omvetsera, popanda kuyamba apempha chilolezo kwa mwini buku. Mabuku a Chichewa omvetsera ndi osowa kwambiri, chikhalirecho m'dera lililonse muli achinyamata omaliza Fomu 4 amene amawerenga bwino ndipo ali ndi foni yotha kujambula mawu. Laibulale itagwirizana ndi bungwe la Malawi Union of the Blind, nthano ndi maphunziro zikhoza kuikidwa pa memore khadi n'kumamveredwa pa kawailesi kotchipa kunyumba. Mwana wosamva ndiye amene amaiwalika kwambiri, pakuti nthawi ya nthano imene ana ena amaikonda kwa iye ndi milomo yongogwedera. Iye amafuna mabuku a zithunzi zambiri, ndiponso munthu wamkulu wosamva wodziwa chinenero chamanja woti azibwera kudzacheza ndi ana onse, kuti anzake akumva aphunzireko kumupatsa moni ndi kusewera naye. Bungwe la anthu osamva la MANAD likhoza kuthandiza kupeza anthu oterewa.

Zonsezi n'zopanda pake ngati mwanayo sangafike pakhomo. Njira za m'makomboni ndi zokumbika, ngalande zake n'zosatseka, ndipo nyengo ya mvula njinga ya munthu waulumali imatitimira m'matope. Ndaonapo mayi atabereka kumbuyo mwana wamkulu ndithu, n'kupeza masitepe pakhomo la laibulale ndi chimbudzi cha khomo lopapatiza. Matumba ochepa a simenti angakonze zimenezi ngati komiti yaganizirapo isanamange. Kwa ana achialubino palinso nkhani ya chitetezo, malinga ndi nkhanza zimene akhala akuchitiridwa m'dziko muno, choncho ndi bwino aziweruka dzuwa lisanalowe ndiponso aziyenda pagulu.

Chimene ndimaopa ndi chakuti sukulu ikamva kuti kuli laibulale yothandiza, ingayambe kutayirako ana amene ikuwaona ngati mtolo, ndipo tingabwerere ku tsankho lomwe lija m'dzina la chifundo. Woyang'anira laibulale si mphunzitsi, ndipo ntchito yake ndi yakuti mwanayo akabwerera m'kalasi mawa lake akathe kuyendera limodzi ndi anzake. Chodetsa nkhawa china ndi chakuti wongodzipereka uja, amene wadziwa kuti mwana uyu amafuna chakuti, uyo amaopa chakuti, amachoka tsiku limene wapeza ganyu yolipira. Makhonsolo a mizinda ndi aphungu athu amakonda kumanga zipupa zooneka ndi maso, koma kandalama kochepa ka mwezi ndi mwezi ka munthu ameneyu sindinakaonepo pa mndandanda wa chitukuko cha dera lathu.