Nambala ya pamzere woyamba

Lachinayi usiku. Tiyi wazizira m'kapu, ine mutu udakali pa mzere umodzi wa mu CMakeLists.txt, fayilo imene imauza CMake, chida chomangira mapulogalamu, mmene imangire pulogalamu yathu.

Tilipo atatu pa pulogalamu yathu ya C++ ija, yoyenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Masana achimwene a pa Mac anatumiza zosintha zawo. Zambiri zinali bwinobwino, koma pamwamba penipeni, pa cmake_minimum_required, mzere wonena version yotsikitsitsa ya CMake imene timalola, anafufuta 3.16 n'kulembapo 3.28, osanenapo kanthu. Ndinawaimbira nthawi yomweyo.

"Achimwene, 3.28 imeneyi yachokera kuti?"

"Ndi imene imabwera ndi Ubuntu 24.04. Si yatsopano n'komwe. Ine kuno pa Homebrew ndili kale pa 4."

Ndiye ndinayamba kulalikira, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati wa pa Mac savutika, amangokoka yatsopano. Wa Visual Studio amaipeza CMake ili kale m'kati. Wotsekeredwa panja ndi wa Linux, amene amadya zomwe apt, chida choikira mapulogalamu, yamupakulira: Ubuntu 22.04 imapereka 3.22, Debian 12 imapereka 3.25. Tikalemba 3.28, onsewo akangoyamba kumanga, CMake imawaimitsa pamzere woyamba.

"Angolemba pip install cmake, basi."

Zimatheka, sindikana. Kitware, eni ake a CMake, alinso ndi nkhokwe yawo ya apt. Koma pa Debian 12 pip, choikira cha Python, imakana mpaka upange venv, kamalo kake kapadera, ndipo munthu amene wangobwera kudzayesa pulogalamu yako sachita zonsezo, amatseka n'kumapita. Bandulo nayo si yaulere. Ndinalankhula zambiri ndithu, mawu akukwera pang'onopang'ono, mpaka ndinadzimva ndekha kuti ndikukoma.

Iwo anadikira kuti ndimalize. Kenako anati Ubuntu 20.04, imene tinasankhira 3.16, chithandizo chake cha masiku onse chinatha mu May 2025. Ndinati ndikudziwa. Ndiye anafunsa mofatsa:

"Nanga inuyo akulu, mwamanga liti komaliza ndi 3.16 yeniyeniyo?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinanamizira netiweki.

Titadula foni ndinatsegula Docker, chida choyesera Linux ina m'kati mwa kompyuta yako, n'kukoka Ubuntu 20.04, n'kuyesa. Sizinatenge ndi mphindi yomwe: Unknown CMake command "cmake_path". Lamulo limeneli linabwera mu 3.20. Ndinathamangira ku git blame, imene imaonetsa amene analemba mzere uliwonse, kuti ndione wolakwa, mtima ukufunitsitsa kuti likhale dzina lawo. Linali langa. Ndinalemba ndekha miyezi yapitayo pa laputopu yanga ya 22.04, zinayenda, ndinaiwala. Kuyambira tsiku limenelo 3.16 ija inali bodza, ndipo palibe anadandaula, kaya chifukwa palibe amene akumanga pa 20.04, kaya anayesa n'kuchoka mwakachetechete. Zachiwirizi ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Chondipweteka n'choti zimenezi ndimazidziwa kale. Mzere uja si mlonda. Umangochita ziwiri: umakaniza CMake yakale kuposa nambalayo, ndiponso umauza CMake yatsopano kuti ma policy ake, malamulo a kachitidwe kake, ayende ngati mmene ankayendera pa version imeneyo. Ukagwiritsa ntchito lamulo lobwera pambuyo pa version imeneyo sukuchenjeza. Umangokuyang'ana.

Sindikudziwa kuti n'chifukwa chiyani ndimakonda kukhala woimira anthu a makompyuta akale. Mwina poti ndinaphunzira pa makina otha ntchito, ndipo ndimakumbukira kuwawa kwake munthu akakuuza kuti "ingoika yatsopano" ngati ndi kutola mwala pamsewu. Koma lero ndaona kuti ndakhala ndikuwaimira ndi pakamwa pokha. Manyazi ake andigwira mpaka nsima ya madzulo ndangoitosa.

Komanso achimwene aja sanakwiye chabe. Ndakumbukira kuti sabata yatha ankang'ung'udza za kalaibulale kena kamene timakoka ndi FetchContent, njira ya CMake yokokera kodi ya anthu ena. Mwini wake anasiya nambala yakalekale pamzere woyamba, ndiye CMake 4.0, imene inatuluka mu March 2025, imakana chilichonse cholembedwa pansi pa 3.5. Iwo akhala akuwonjezera CMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5 nthawi iliyonse pomanga, ife a pa Linux osadziwa n'komwe. Ngakhale za pansi pa 3.10 zinayamba kuchenjezedwa kuyambira 3.31. Nambala yotsika nayo imaluma, imangosankha munthu wina womuluma. Ndikuganiza kuti anatopa, n'kulumphira kutali dala.

Komabe 3.28 sindikuivomereza. Chachikulu chimene ndikuchidziwa mmenemo ndi ma module a C++20, ndipo ife sitinawakhudze. Zimene achimwene amafuna kwenikweni ndi CMakePresets.json, kuti aleke kulemba mizere italiitali pa terminal, ndipo imeneyo ilipo kuyambira 3.19.

Ndalemba uthenga. Ndati tiike 3.22...3.28, kalembedwe ka madontho atatu kamene kanabwera mu 3.12: pansi pakhale 3.22 kuti a Ubuntu 22.04 ndi Debian 12 alowe, ma policy atsatire mpaka 3.28 kwa amene ali ndi yatsopano. Ndatinso pa CI, pamene makina amamanga okha tikatumiza zosintha, pakhale makina amodzi omanga ndi 3.22 yeniyeniyo, kuti wina akachita ngati ine zifiire tsiku lomwelo. Za cmake_path ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Angoona okha pa git blame, ndikudziwa.

Sindinautumize. Mnzathu wachitatu sanayankhe chilichonse tsiku lonse, ndipo ndikukumbukira ngati anatchulapo kuti kwawo kuli kompyuta ina imene idakali pa 20.04, yolumikizidwa ku chipangizo chimene palibe amafuna kuchigwedeza. Kaya amamangirapo, kaya amangokoperapo zomanga kale. Ndimufunsa mawa, ndikadzuka ndi nkhope ina.