Ankhoswe pamwamba pa nkhokwe

Inde, ndine. Musavutike n'kuikuza vidiyoyo ndi zala. Bambo wa suti ya buluu amene wakhala pa denga la nkhokwe atafungatira tambala ndine, ndipo kagalu kali pansipo n'komweko mukukaonako, kosaposa botolo la Fanta. Poti nkhaniyi yafika kale pa WhatsApp ya kumpingo, ya kuntchito ndi ya anzathu a ku sekondale, ndati ndiifotokoze ndekha ena asanaithire mchere.

Zoti ndimaopa agalu aliyense amadziwa. Galu anandigwira ntchafu ndili ndi zaka 8 kwathu ku Ntcheu, ndikutsika mumtengo wa mango. Za mwini mangowo tisazikumbe. Kuchokera tsiku limenelo, ndi majakisoni a chiwewe amene anatsatira, ndakhala zaka 40 ndikudzera njira zolambalala. Pali anzanga ena amene sindinapondeko kwawo chifukwa cha chikwangwani cha pageti.

Chimene simukudziwa n'chakuti ndinali nditachira.

Thoko, mwana wa achemwali anga, anaphunzira za kaganizidwe ka anthu ku yunivesite ku Zomba. Tsiku lina anandikhazika pansi n'kuti, "Amalume, mantha awa simunabadwe nawo, munachita kuwaphunzira. Ndiye ubongo womwewo ungathe kuphunziranso kuti si galu aliyense amaluma." Anandiuza za mayi wina wa ku America, Mary Cover Jones, amene mu 1924 anathandiza kamnyamata kotchedwa Peter komwe kankaopa kalulu. Ankati kakamadya chakudya chimene kamakonda, kalulu uja amamusendeza pafupi pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka kanayamba kumugwira. Ine nditamva kuti mankhwalawa ali ndi mbali ya chakudya, sindinafunsenso zambiri.

Tinayamba. Loweruka lililonse m'mawa, kunyumba kwa Thoko ku Area 25, ine ndi Bruno. Bruno ndi galu wa zaka 13, mano anatsala owerengeka, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuliza mkonono pansi pa thanki ya madzi. Sabata yoyamba ndinamuonera pawindo ndikudya mandasi. Yachiwiri ndinafika pakhonde. Yachinayi tinakhala pabwalo limodzi, iye ali mtulo, ine ndikuwerenga Salimo 23 chamumtima. Yachisanu ndi chimodzi ndinamugwira khutu. Ndinajambulitsa, n'kuika pa status, n'kulemba kuti mantha atha. Ena mwa inu munaikapo timitima, ndikukukumbukirani.

Apa ndiye ndiulule. Masabata onsewo ndinali ndi ambulera m'manja, cha mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Thoko anandichenjeza. "Amalume, ambulerayo isiyeni. Ubongo wanu ukuganiza kuti simukulumidwa chifukwa cha ambulera. Komanso tisathere pa Bruno. Tikayese agalu ena, malo ena, madzulo, kumudzi." Ndinamuyankha kuti munthu akakhoza mayeso sabwereranso m'kalasi kukafuna ena.

Patapita miyezi iwiri mchimwene wake wa Thoko anapeza mbeta ku Dedza, ndipo ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchimuna. Pachinkhoswe, mukudziwa, ife timapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti. Manja onse awiri anali pa tambala, ambulera inatsala m'minibasi. Bwalo linali la fumbi, pakati pake pali mtengo waukulu wa mango, fungo lake lomwe lija la ku Ntcheu. MC anati ankhoswe abwere kutsogolo. Ndinanyamuka mwaulemu wonse, ndikuyenda monga munthu wodziwa mwambo. Ndiye kuchokera pansi pa benchi ya amayi kunatulukira kanthu kofiirira, makutu pekupeku, kakulunjika kwa ine.

Za pakati apo sindikumbukira. Anthu akuti ndinaponda mtondo, kenako phaka la nkhokwe, kenako denga. Ine ndi munthu amene kukwera basi ndimayamba ndapuma kaye pa sitepe. Mtengo wa mango unali pafupi kuposa nkhokwe, koma miyendo inaupewa yokha. Imaudziwa.

Pamwamba pa nkhokwe pamakhala bata lodabwitsa. DJ anazimitsa nyimbo. Ndinkaona mudzi wonse, phiri la Dedza chapatali, mayi wina kuseri akukankha nsima ndi mthiko, ndi anthu oposa 200 atayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Udzu wa dengalo unkandibaya malo amene suti inali itang'ambika kale. Tambala anandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuza mutu, n'kundiyang'ananso ndi linalo, ngati akufuna kutsimikiza kuti ameneyu ndiye wamkulu wa banja lomwe lamutuma. Kenako analira. Thuu koloko masana, kokoliliko, pachifuwa panga, ngati ndine mlongoti wake. Kagalu kaja kanakhala pansi, kakugwedeza mchira, maso ali pa tambala. Sikanali ndi ine n'komwe. Kankafuna nkhuku.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena a kuchikazi. Anadzuka ndi ndodo yawo n'kunena mokweza kuti, "Asiyeni ankhoswe, akufuna aone ngati tili ndi chimanga chodyetsa mwana wawo." Nthungululu zinalira. Ine, pofuna kusunga ulemu wotsalawo, ndinakankha udzu pang'ono, n'kusuzumira m'kati, n'kugwedeza mutu kuti chilipo. Chinalipodi, chambiri ndithu.

Kutsika ndinakana mpaka kagaluko katachoka, ndipo kagaluko sikanafune kuchoka tambala ali pomwepo. Ankhoswe a kuchikazi, bambo wofatsa kwambiri, anakwera pa mtondo uja n'kundipatsira msoti m'mwamba momwemo, ine n'kuwatsitsira tambala. Mwambo unatheka. Amene akuti banjali silinamangidwe bwino abwere tikambirane, nkhuku zinasinthana pamaso pa mboni.

Pobwerera m'minibasi, anthu akundibera maso, Thoko anandifotokozera, ndipo ichi ndikufuna muchimve inu oseka. Mantha ophunzira safufutika. Ubongo umangolemba phunziro latsopano pamwamba pa lakale, monga laimu pa khoma lakuda, ndipo phunziro latsopanolo limamatirira pamalo pomwe unaliphunzirira. Katswiri wina wa ku Vermont ku America, Mark Bouton, anazionetsa ndi makoswe: khoswe amene wasiya kuopa ali m'bokosi lina, ukamubwezera m'bokosi lomwe anayambira kuopa, mantha amadzuka ngati sanachokepo. Ngakhale Pavlov, katswiri wakale wa ku Russia, anaona kuti chizolowezi chimene chazilala chimatha kubwerera chokha pakapita nthawi, ndipo iyeyo, mwa nyama zonse za padziko, ankagwiritsa ntchito agalu. Ubongo wanga unaphunzira bwinobwino kuti Bruno, ku Area 25, m'mawa, ine ndili ndi ambulera ndi mandasi, saluma. Za kagalu ka ku Dedza pansi pa mtengo wa mango palibe anauuza. Ndiye mukaona bwino, ine sindinachite zamantha. Ndinachita zomwe khoswe aliyense wophunzira akanachita.

Thoko anangoti, "Amalume, ndinakuuzani." Ndinamufunsa ngati zimenezo nazonso anaziphunzira ku Zomba.

Pano tayambiranso, ndipo ulendo uno wandilembera ndandanda: agalu osiyanasiyana, aakulu ndi aang'ono, kumsika, kumudzi, kukada, popanda chogwira m'manja, ndipo ndisamachoke msanga mtima ukayamba kugunda, ndizidikira ndione kuti chimene ndimayembekezera sichikuchitika. Akuti ngakhale ndikachira ndizibwerezabe mwa apo ndi apo. Pa agalu 10 amene wandilembera ndakumana ndi awiri. Mmodzi anali atamangidwa, winayo ndi Bruno yemwe uja koma tinamutengera kuseri kwa nyumba.

Msoti uja uli kwa achemwali, wayamba kuikira. Telala akuti thalauza akhoza kulisoka koma msoko uzioneka. Ambulera sinapezeke, amene anakhala mpando wakumbuyo m'minibasi ija andiimbire.