Mukapita ku Bodh Gaya, foni muisiye kogona

Ndabwerako ku Bodh Gaya, m'chigawo cha Bihar ku India, ndipo mtima wakhala pansi, ngakhale kuti nthawi imene ndinataya kumeneko ikundiwawabe. Za viza ndi ndege sindinenapo. Chimene muyenera kudziwa msanga n'chakuti foni siloledwa m'bwalo la kachisi wa Mahabodhi, malo opatulika a chipembedzo cha Chibuda, ndipo lamuloli linabwera mabomba ataphulika pamalopo mu Julaye 2013.

Ine sindinkadziwa. Ndinaima pamzere wautali m'mawa kukuzizira, pakati pa amonke a ku Tibet ovala zofiirira ndi amayi a ku Sri Lanka ovala zoyera, ndipo nditafika pachipata chofufuzira anandibweza. Ndisanatembenuke n'komwe, mnyamata wina anandikakamira kuti ndimupatse ndalama andisungire foniyo, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera, osadziwa kuti malo ovomerezeka osungitsirako ali pomwepo ndipo salipiritsa. Kumeneko kunalinso mzere wake. Nditasungitsa, ndinakayambiranso kumchira kwa mzere woyamba uja, dzuwa litakwera kale. Kamera amalola, koma mumaidulira tikiti.

Ndikadayamba ndi za dzulo lake. Ndinachokera ku Varanasi, nditaona Sarnath kumene Buddha, woyambitsa chipembedzochi, anaphunzitsa koyamba, koma chifunga cha mu Januwale chinachedwetsa sitima kwa maola ambiri, moti ndinafika ku Gaya usiku, kachisi atatsekedwa kale chifukwa amatseka 9 koloko. Tsiku lonse linapita padera. Kuchokera pasiteshoni ya Gaya kukafika ku Bodh Gaya pali makilomita oposa 10, choncho mugwirizane mtengo ndi woyendetsa kanjinga ka matayala atatu musanakwere.

Mukalowa mumavula nsapato. Kachisiyo ndi wamtali mamita pafupifupi 50, pamalo pamene mfumu Ashoka inamanga woyamba m'zaka za m'ma 200 BC, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2002. Mtengo wa Bodhi uli kuseri, kumadzulo, ndipo amati ndi mbewu ya mtengo umene Siddhartha Gautama anakhala pansi pake mpaka anaunikiridwa mumzimu n'kukhala Buddha. Masamba sathyola, anthu amadikira kuti tsamba ligwe lokha n'kulitola, ndipo ine ndinakhala ola lathunthu osapeza ngakhale limodzi.

Tsiku lachitatu ndinafika 5 koloko m'mawa pamene amatsegula, foni nditaisiya kogona, ndipo ndinalowa osaima n'komwe.