Mipando 40 yomwe tinayamba nayo ku Mtendere

Bizinesi yathu yobwereketsa mipando inabadwira pa maliro a apongozi anga aamuna kuno ku Mtendere mu Lusaka. Abale anabwera ambiri kuchokera ku Katete, azimayi tinakhala pamphasa m'nyumba monga mwa nthawi zonse koma panja azibambo achikulire ena anachezera pa mabuloko usiku wonse chifukwa mipando inasowa, ine zinandiwawa kwambiri. Titabwera koika ku manda a Leopards Hill ndinawauza abambo akunyumba kuti ndalama yanga ya chilimba, kagulu kathu kosonkherana ndalama mosinthana, ikatuluka tikagula mipando basi. Tinapita ku Kamwala nkugula 40 yoyera ya pulasitiki.

Chaka choyamba tinkangoiunjika kuseri kwa nyumba pabwalo, poganiza kuti pulasitiki siiwola nanga ingatani. Inapsa ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lonse lija. Tsiku lina ndikupukuta ndinaona chala changa chayera ngati ndagwira choko, mpando wasiya kunyezimira, koma sindinadziwe kuti ndiye kutha kwake. Sabata yomweyo pa maliro ena ku Kalingalinga mwendo wa mpando unathyoka phwa! pansi pa agogo ena aamuna, mwamwayi anyamata anawagwira asanafike pansi. Ndinakagwada kupepesa, ndipo ndalama ya tsiku limenelo sindinalandire, mtima sunandilole.

Apa mpamene tinaphunzira kuti chimene chimapha mipando iyi si kulemera kwa anthu ayi, ndi dzuwa. Kuwala kwake kumadya pulasitiki pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, imauma nkuyamba kuphulika ngati bisiketi, ndipo ufa woyera uja ndi pulasitiki yomwe yafa kale. Tinamanga kashedi ka malata mbali ya nyumba, manje mpando ukangobwera umatsukidwa, uume pamthunzi, nkulowa mkati. Ndisanapereke kwa kasitomala ndimakankha chotsamira chake ndi dzanja, ndimayang'ananso pansi pomwe mwendo umalumikizana ndi pokhalira chifukwa mng'alu umayambira pamenepo, kamzere koyera kakang'ono chabe. Ndikakaona mpandowo supitanso kwa anthu. Ena amasoka ndi waya kapena kumata ndi chitsulo chamoto, ife timangoisiya pakhomo yokhalira ana kapena kugulitsa kwa aja ogula mapulasitiki akutha.

Kutsuka ndiye ntchito yeniyeni. Mipando imabwera ndi fumbi lofiira, matope a ku manda, mafuta a nkhuku ya pa kicheni pate, chibwantu chouma, kandulo wodontha, chingamu pansi pake. Timagwiritsa ndowa ya madzi ofunda pang'ono, Boom ndi siponji yofewa basi. Mtsikana wina amene tinamulemba ganyu anakwecha mipando 10 ndi sitiluwulu kuti iyere msanga, tsiku limenelo inayeradi mbee koma mikwingwirima ija inayamba kusunga fumbi, mpaka pano ndi yotuwa ngakhale utsuke bwanji. Pa dothi lokanirira ndimapaka soda wonyowetsa, ndidikire pang'ono, ndiye ndipukute. Nthawi ya mvula vuto ndi timadontho takuda ta nkhungu tomwe timabwera ukasanja mipando isanaume, pamenepo ndi Jik pang'ono m'madzi ambiri kenako kutsukuluza bwino. Chonde Jik osamusakaniza ndi viniga, mpweya wake ndi poizoni. Kuyambira pa kolera ija ya mu Januwale 2024, pomwe odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, mpando uliwonse wochokera ku maliro timautsukuluza ndi madzi a klorini makamaka mogwira manja, kaya kuli mliri kaya kulibe.

Mdani wina ndi mbaula. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira zedi ndiye azibambo amakokera mipando pafupi ndi moto, mwendo wakutsogolo umafewa nkupindika osazindikira, m'mawa mpando wayima ngati wopunduka. Ndiye popereka ndimalankhula ndi mwini nyumba mwaulemu kuti atate, pepani ndi zovutazi, koma oyang'anira moto awakumbutseko anthu atalikire pang'ono, komanso asamakhalire miyendo iwiri yakumbuyo. Ambiri amamva ndithu. Pa maliro sindikangana ndi munthu za mpando umodzi, koma pa ukwati kapena pa chilanga mulilo, mwambo woperekera zakudya kwa mkwati ukwati usanachitike, mpando wothyoka amalipira, timagwirizana tisanakweze.

Posanja sitipitirira 10 pa mulu umodzi, ikachuluka yapansi imakhadzuka miyendo ndipo imakanirirana pochotsa. Pa galimoto ya kanta timayika makatoni pomwe chingwe chikudutsa kuti chisadye mphepete, ndipo pansi pa mpando uliwonse tinalemba chizindikiro chathu ndi penti yobiriwira chifukwa pa mwambo umodzi pamakhala mipando ya anthu atatu.

Pa 40 yoyamba ija yatsala 11, yomwe inali pansi pa mulu dzuwa osaifika kwenikweni. Yomwe tinagula shedi itamangidwa idakali yonse kupatula yochepa ya mbaula, ndipo manje tawonjezera matebulo ndi tenti imodzi. Loweruka lino tili ndi kicheni pate ku Chelstone, mipando yatsukidwa kale dzulo ikuuma pansi pa mtengo wa mango.