Mimba ya ku Dedza pa dzuwa la ku Tete

Kwathu kuno m'munsi mwa phiri la Dedza, ngakhale mu Okutobala madzulo timavalabe juzi. Ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, mwezi womwewo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pakati pa usiku khoma limakhala likutenthabe. Kumeneko n'kumene ine ndi msuweni wanga tinalowera, zikwama kumsana, ati tikaone damu la Cahora Bassa ku Songo. Tinadinditsa mapasipoti pachipata cha Dedza, kulowa Calomue, n'kukwera chapa, minibasi yakumeneko. Wolongedza katundu anali msuweni: tochi, chaja, majuzi awiri. Mankhwala, ngakhale Panado, munalibe.

Madzi tinkagula a m'botolo otsekedwa bwinobwino. Chinandigwetsa ndi juwisi wa malambe wa m'kapu, wodzaza ndi ayezi. Anthu amaganiza kuti madzi akauma m'firiji ndiye kuti ayera, pomwe kuzizira sikupha tizilombo, kumangotisunga mpaka tipeze mimba ya mlendo. Msuweni anamwa makapu awiri, iye osamva kanthu.

Kunyumba yogona alendo chimbudzi chinali chimodzi, kumapeto kwa khonde, ndipo kiyi amasunga mlonda. Ulendo woyamba ndinagogoda mwaulemu. Pofika kokoliriko mdalayo anali atatopa nane, anangondiveka chingwe cha kiyi m'khosi n'kukagona. Kutacha pakamwa panali gwa, mkodzo wochepa komanso wofiirira, ndikaimirira chizungulire. Pa dzuwa lotero madzi amathawa mbali ziwiri, thukuta ndi kuchimbudzi, ndiye munthu amauma msanga kuposa kwathu.

Ku famase tinapeza mzere wa anthu. Chipwitikizi sindidziwa, choncho itafika nthawi yanga ndinayamba sewero. Ndinagwira pamimba, kupinda msana, kuloza kumbuyo, kenako ndi dzanja kuonetsa liwiro la zinthuzo ngati mpopi wothyoka. Ndinawonjezera ndi phokoso lomwe. Mayi wa pakauntala anandionerera mpaka kumapeto, osaphethira, kenako anati: "Bambo, mukutsegula m'mimba? Bwanji osangonena? Ine kwathu ndi ku Ulongue." Mzere wonse unafa nako kuseka, poti ngakhale olankhula Chinyungwe anamva zonse. Msuweni anachita kutuluka panja kukagwira mtengo.

Mayiwo anafunsa mwachindunji: muli magazi kapena mamina? Thupi likutentha? Mukusanza chilichonse chimene mwamwa? Anati yankho likakhala inde pa chimodzi mwa izi, nkhani si ya famase, ndi ya kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo thupi likatentha m'chigwa cha Zambezi uyambe wayezetsa malungo, kubaya chala, zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 kapena 20. Zanga zonse zinali ayi.

Apa msuweni analowanso ndi udokotala wa kumudzi: "Mayi, ingomupatsani Flagyl ndi Fanta." Anamukanira. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kwa apaulendo nthawi zambiri kumatha kokha pa masiku ochepa, ndipo Flagyl ndi wa matenda ena, ofunika kuyezetsa kaye. Fanta ili ndi shuga wambiri koma mchere mulibe, moti imakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera mavuto. Chofunika ndi ORS, yemwe kwathu tinazolowera kumutchula Thanzi. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi a m'botolo kapena owiritsa, osati theka la lita pofuna kuti akhale "wamphamvu". Kumwa pang'onopang'ono, kapu yathunthu ukangochoka kuchimbudzi, ndipo otsala akatha maola 24 kutaya. Mapaketi akatha upange wekha: lita imodzi, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Shuga wochepayo ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa mchere pamodzi ndi madzi. Mchere ukachuluka ndiye wadzipweteka wekha. Kudya osasiya: phala, mpunga, nthochi.

Anandigulitsanso loperamide, timakapisozi totseka m'mimba, koma ndi chenjezo: sitichiza, timangoimitsa magalimoto pamsewu kuti udutse ulendo wa basi. Pakakhala magazi kapena kutentha thupi, osatikhudza n'komwe.

Damu lija sitinalione. Ndinagona pansi pa fani ndi botolo langa, msuweni akujambula zithunzi pa mlatho wa Samora Machel n'kumatumiza pa gulu la WhatsApp la kubanja, pamodzi ndi lipoti la sewero la ku famase. Azakhali a ku Linthipe anayankha ndi pemphero lalitali.

Pobwerera ndinakhala mpando wa pakhomo, mimba ili zii. Titangodutsa Moatize, kwa malasha kuja, ndinaona msuweni wasiya nthabwala, thukuta lili kamukamu pamphumi, miyendo waipanikiza pamodzi. Pasiteji anali atagulanso juwisi uja, ati kutsanzikana ndi Tete. Anagogoda denga la chapa ndi manja onse awiri, galimoto isanaime n'komwe iye ali kale kuseri kwa mlambe. Atabwerera anakhala pansi mwaulemu kwambiri, n'kundinong'oneza: "Msuweni, shuga uja anati timasupuni tingati?"