Kuchoka ku Chitakale kukakhala ku Mzuzu: mmene ndinayendera

Anzanga a ku Mulanje amene apatsidwa transifa ya ku Mzuzu amandifunsa poyambira. Ndimawauza kuti banja lisanyamuke lonse tsiku limodzi. Ine ndinatsogola ndekha ndi chikwama, mayi a kunyumba ndi ana n'kutsala ku Chitakale mpaka teremu itatha.

Ulendo wake ndi wa minibasi mpaka ku Limbe, kenako basi yaikulu ku Wenela, kudzera ku Lilongwe, Kasungu ndi Jenda. Juzi ikhale pamiyendo, isapite ndi katundu wapansi. Ife a m'tsinde mwa phiri timati chiperoni tinachizolowera, koma mphepo ya m'nkhalango ya Chikangawa m'bandakucha imaumitsa zala.

Pomwe pali ntchito ndi pa nyumba. Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 220,000. Anthu akubwerabe, ena za sukulu ku Mzuzu University ku Luwinga, ena za malonda, choncho nyumba yabwino sichedwa kutengedwa. Ndinagona kwa mnzanga wa kuntchito ku Chiputula, ndipo tikaweruka ndinkakwera sakaramento, njinga za kabaza zakuno, kuzungulira ku Katawa, Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa. Mzindawu ndi wa zitunda ndi madambo, mvula yake imagwa kwa nthawi yaitali, ndiye nyumba ikatsika mtengo kwambiri mudzifunse chifukwa chake. Ina inandikopa, penti yake yatsopano mbee. Nditawerama ndinaona pulasitala wa m'munsi mwa khoma akufufuma, kuchipinda kukumveka fungo la chuku. Ndinapita kwa mayi wina amene ankachapa pampopi wa nyumba yoyandikana.

"Pepani mayi, mvula ikagwa usiku wonse pano pamakhala bwanji?"

Sanalankhule zambiri. Anaumitsa dzanja pachitenje n'kuloza pabondo pawo. "Bambo, ngati muli ndi ana, funani kumtunda."

Ndinapeza ya kumtunda, yocheperako. A landilodi anafuna lendi ya miyezi itatu. Ndisanapereke ndinapempha kuona bilu yomaliza ya madzi ya Northern Region Water Board, kuti ndisalowe m'ngongole ya amene anatulukamo, ndipo ndinafunsa ngati mita ya ESCOM ndi yanga ndekha. Mita yogawana imayambanitsa anthu pa nkhani ya mayunitsi. Zonse tinalemba papepala, mnzanga uja n'kusainira ngati mboni.

Katundu wolemera, monga kabati ndi mipando, tinagulitsa komweko ku Mulanje. Kulipira lole mtunda wonsewu kukanaposa mtengo wa zinthuzo, pomwe akalipentala kuno ndi ambiri.

Mapepala ndiye musawaiwale: makalata a transifa a ana ochokera kwa aphunzitsi aakulu, mabuku a kuchipatala, ndi kalata ya kumpingo. Ife ndi a CCAP ya sinodi ya Blantyre, kuno ndi ya Livingstonia. Kalata yathu itawerengedwa m'tchalitchi, sabata yomweyo amayi amvano anabwera kudzaona mayi a kunyumba. Ndinakaonekeranso kwa amfumu a dera lathu kuti atilembe m'kaundula, ndipo chopereka cha maliro ndimapereka osadikira kukumbutsidwa. Izi ndimaziona kuti n'zazikulu kuposa mipando. Mwana wathu atatentha thupi usiku, amene anatipezera galimoto ya kuchipatala anali oyandikana nawo omwewa.

Chichewa m'tauni muno amamva bwinobwino, koma pamene muli mlendo yambani ndinu kupereka moni wa Chitumbuka. "Monire", "muli uli" ndi "yewo" zinandikwanira poyamba, zina ndikutolera kwa ana, amene anachigwira kusukulu msangamsanga.

Za chakudya musade nkhawa. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ulipo, usipa wa ku Nkhata Bay umafika, ndipo kondowole satidabwitsa ife amene tinakulira makaka. Chimene ndimasowa ndi kalongonda ndi nandolo wamuwisi. Apongozi amatitumizira pa basi nyengo yake ikakwana, ndipo thumba likafika timagawana ndi mabanja ena a ku Thyolo ndi Phalombe amene tinadziwana nawo kutchalitchi.